Dzina la a Dikishonale Pachikwangwani

Kupuma pantchito kumakoma munthu akamakuyembekezera. Kukafika, tsiku limakana kutha, ndipo munthu amene ankalamula belu amayamba kudikira kuti wina amuitane kukadya.

A Dikishonale anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo khumi ndi ziwiri zomalizazo anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya sekondale. Dzinalo anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa ukawafunsa tanthauzo la liwu limodzi ankakuuza ndi kumene linabadwira, makolo ake ndi abale ake omwe, mpaka phunziro kutha. Ankanamizira kudana nalo dzinalo, koma ukawaitana nalo ankacheuka. Atapuma anasamutsira ntchito pakhonde: mpando wapulasitiki, nyuzipepala yadzulo ndi cholembera chofiira. Ankachonga atolankhani. Akathana nawo ankachonga kalendala, kenako timapepala tam'mabokosi a mankhwala. Akazi awo, amene kwa zaka zonsezo anazolowera kukhala okha pakhomo masana, ankangosesa mozungulira mapazi awo.

Chinthu chimodzi chokha anatuluka nacho pantchito chili chathunthu, ndicho dzina labwino. Galimoto analibe, nyumba yawo inkadontha ngodya imodzi, koma akamayenda mumsewu, amuna andevu zawo ankachotsa manja m'thumba n'kupereka moni. Panalibe kholo limene likanaima n'kunena kuti bambo awa anandinamizapo.

Mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wachisamba, anali wogulitsa zomangira nyumba: simenti, malata, misomali. Anali munthu wa mafoni awiri ndi pakamwa potsekemera. Ankakhala ndi chinyumba chachikulu chosungiramo katundu, ndipo chitakhala chopanda ntchito anaganiza zochigawa ndi makoma n'kutsegula sukulu. Chinamuvuta n'chimodzi. Chilolezo sichinkaperekedwa popanda mphunzitsi wamkulu wokhala ndi mapepala ake komanso zaka zambiri m'kalasi. Ndiye Loweruka lina anatulukira pakhonde paja, nagwada pang'ono monga mwa ulemu, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Bambo, ine sindikufuna kukutopetsani," anatero. "Ntchito yanu munagwira kale. Chomwe akufuna ndi dzina la munthu wodziwa. Inu muzingobwera, muzikhala mu ofesi, ana azikuonani. Zothamangathamanga zonse musiyire ine."

"Nanga kuyendetsa sukulu mumakudziwa?" anafunsa a Dikishonale.

"Sukulu ndi sitolo n'chimodzimodzi, bambo. Bola makasitomala asangalale."

Mawu amenewo okha akanakwanira kuti munthu amene wakalambira m'kalasi atseke chitseko. Koma a Dikishonale anali atatopa ndi khonde. Anaseka, nati aganizira, ndipo aliyense pamenepo anadziwa kuti kuganizako kunali kutatha kale.

Mkamwini atachoka, akazi awo anaimika tsache pakhoma.

"Abambo, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Dzina si khasu loti mubwereketse m'mawa, madzulo alibweze."

"Mayi, ameneyu ndi mwamuna wa mwana wathu."

"N'chifukwa chake ndikunena. Akanakhala wina mukanamamufunsa mafunso. Uyu muzichita naye manyazi."

Sukulu inatsegulidwa. Pachipata anakhoma chikwangwani chachikulu, pali chithunzi cha a Dikishonale atavala taye, ndipo dzina lawo linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuposa dzina la sukuluyo. Makolo anabwera, ambiri a iwo ana awo akale a m'kalasi, ena akuchotsa ana m'masukulu momwe ankaphunzira bwinobwino. Ofesi anawakonzera yabwino ndithu: tebulo lagalasi pamwamba, mpando wozungulira, shelefu ya madikishonale awo ndi ketulo yamagetsi pakona. Fungo la simenti silinathe m'makomamo, koma iwo sankalimva. Kiyi wa bokosi la makalata kupositi analibe. Kiyi wa kabati ya mafayilo analibenso. Chidindo cha sukulu chinkagona m'galimoto ya mkamwini.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya Lolemba. M'mawa ankalankhula kwa ana onse pabwalo za khama ndi kunena zoona, ndipo ankalankhula bwino. Akabwerera mu ofesi ankapeza mkamwini ataima ndi fayilo, pepala lililonse lili ndi kamtanda ka pensulo pamene pafunika siginecha, galimoto ikulira panja osazimitsa. Mwezi woyamba ankawerenga pepala lililonse. Mkamwini ankayang'ana wotchi, n'kuyankha foni imodzi, inzake ikulira, ndipo mkuluyo ankaona ngati akuchedwetsa munthu amene wawachotsa pakhonde. Anayamba kuwerenga mzere woyamba wokha. Kenako ankangofufuza kamtanda. Pofika chaka chachiwiri ankasaina ndi mapepala opanda kanthu omwe, akuti n'cholinga choti asamavutitsidwe pakati pa sabata.

Zinayenda choncho mpaka ana oyamba aja anafika m'kalasi lomaliza. Analipo makumi anayi ndi atatu, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho amayenera kulemba mayeso aboma.

Za mayesozi zili ndi kayendedwe kake, ndipo amene anakhalapo pasukulu amakadziwa. Chaka chikamayamba sukulu imatumiza maina. Pakapita miyezi ofesi ya mayeso imabweza mndandanda wotayipa, kuti mwana aliyense aone ngati dzina lake ndi maphunziro ake zalembedwa bwino, n'kusaina. Mndandandawo ukabwerera, pamapeto pake pamabwera ziphaso zolowera m'chipinda cha mayeso. A Dikishonale anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri ndi manja awoawo. Chaka chimenecho mwezi wa mndandanda unafika n'kudutsa, mndandanda osaoneka. Tisawanamizire kuti sanazindikire, chifukwa anazindikira.

Anafunsa kamodzi, mongodutsa, ngati munthu wofunsa za nyengo.

"Kodi mndandanda wa mayeso uja?"

"Zili m'manja, bambo, musadandaule. Ndili ndi munthu wanga kumeneko."

Lolemba lotsatira mufayilo munali kalata yopita kwa makolo, yowatsimikizira kuti ana onse analembetsedwa ndipo pasakhale wina wodera nkhawa. Kalata imeneyi a Dikishonale anaiwerenga yonse, kawiri. Anapeza liwu limodzi lolakwika m'ndime yachiwiri, nalikonza ndi cholembera chofiira. Mkamwini anakaitayipanso, ndipo itabwera anasaina.

Pasukulupo panali madamu a masamu, mayi wa zaka zapakati, wosalankhulalankhula, amene anaphunzitsapo masukulu atatu ndipo ankadziwa mwezi umene mndandanda umabwera. Tsiku lina nthawi ya buleki anagogoda pa ofesi ali ndi kapepala m'manja.

"Pepani aphunzitsi aakulu, ndakumana ndi liwu ili m'buku lina, landisowetsa mtendere. Ndati ndifunse eni ake."

Pakapepalapo panalembedwa kuti figurehead. Nkhope ya a Dikishonale inawala. Panali patapita miyezi munthu asanawafunse kanthu mu ofesimo.

"Khalani pansi, madamu. Tiyambe ndi katchulidwe. Mphamvu muike poyambirira, fi, kenako ga mopepuka, kenako hed. Mukafika pa d muimitse lilime pomwepo, musawonjezere i kumapeto monga amachitira ana athuwa. Tayesani."

Madamu anayesa, ndipo anawabwezetsa kawiri.

"Eya, choncho. Tsono ndi mawu awiri olumikiza. Loyambalo ndi chifanizo, chinthu chosemedwa mooneka ngati munthu kapena nyama. Lachiwirilo ndi mutu, ndipo amalinyero ankatchula choncho kutsogolo kwa chombo. Kalekale, zombo zikuyendera mphepo, amisiri ankasema chifanizo cha mtengo, mwina mkazi wokongola, mwina mkango, mwina msilikali, n'kuchikhomera kumphuno kwa chombo. Ankachipaka utoto bwinobwino. Chombo chikamafika padoko anthu ankayamba kuona chimenecho, n'kudziwa kuti chafika ndi chombo chakuti."

"Ndiye chinkathandiza kuwongolera?"

"Ayi, chiwongolero chimakhala kumbuyo. Icho chinkangotsogola. N'chifukwa chake patapita nthawi eni chilankhulo anayamba kutchula choncho munthu wa udindo wa dzina lokha. Mpando ndi wake, ulemu ndi wake, koma zochita amalamula ndi wina."

"Zikomo, ndamva," anatero madamu, akupinda kapepala kaja. "Kungoti ndimadzifunsa, chombo choterocho chikagunda mwala, chimayamba kusweka n'chiyani?"

Ketulo inali itawira n'kuzima yokha. Madamu anaona kuti zokuluwika zafika, ndipo anasiya kupita m'mbali.

"Aphunzitsi aakulu, mndandanda sunabwere. Masukulu anzathu anasaina mwezi watha. Kwatsala milungu iwiri yoti ana ochedwa kulembetsa alandiridwe kudzera pasukulu ina. Ine ndafunsa akamwini anu kawiri, andiuza kuti aphunzitsi ofuna ntchito ndi ambiri. Inu sangakuyankheni choncho."

"Madamu, ana akukudikirani m'kalasi," anatero a Dikishonale.

Ana onse anali panja, phokoso lawo likumveka pawindo. Madamu anaimirira n'kutuluka, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo kunyumba chakudya chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa. Akazi awo sanawakakamize. Anangokhala pampando wina n'kumasoka batani la shati mpaka mkuluyo anafotokoza yekha.

"Ndiye pitani nokha ku ofesi ya mayesoko," anatero mayiwo. "Ndi minibasi imodzi basi."

"Ndikanene chiyani? Ndikati ine, mphunzitsi wamkulu, sindikudziwa ngati ana anga analembetsedwa? Ena mwa okhala m'maofesimo ndinawaphunzitsa ndekha kugwira cholembera. Akandiseke?"

"Bola akusekeni lero."

"Nanga mkamwini akamva kuti ndamudutsa? Mwana wathu m'nyumbamo azikhala bwanji?"

"Mwana wathu ali ndi banja lake, ndipo ndi wamkulu. Ana makumi anayi ajawo ali ndi inu nokha."

Apa ndi pamene nkhaniyi imatopetsa kufotokoza, chifukwa a Dikishonale sanali munthu woipa, ndipo chochita ankachidziwa. Lachitatu anavala jekete, nafika mpaka pokwerera minibasi. Anaima pamenepo, minibasi zitatu n'kudutsa, kondakitala aliyense akuwaitana kuti malo alipo. Kenako anakumbukira kuti mkamwini ananena kuti ali ndi munthu wake, ndiponso kuti masiku ano zinthu zinasintha, mwina mndandanda sakutumizanso papepala. Anabwerera kusukulu mtima utapepukako. Sabata yachiwiri anavalanso jekete, koma mvula inkaoneka ngati igwa. Munthu akaopa yankho sasowa chifukwa chosafunsira. Milungu iwiri ija inatha, ndipo Lolemba analankhulanso pabwalo za khama, madamu a masamu ataima kumbuyo akuyang'ana nsapato zawo.

Patatsala mwezi umodzi kuti mayeso ayambe, masukulu ena analandira ziphaso. Ana a m'makomo oyandikana ankaonetsana zithunzi zawo za paziphasozo n'kumasekana. Pasukulu ya pachikwangwani panalibe chinabwera.

M'mawa wa Lachisanu a Dikishonale ali mu ofesi anamva mawu ambiri pabwalo, osati a ana. Madamu a masamu analowa osagogoda, nawauza kuti kwabwera makolo, ndipo akufuna mphunzitsi wamkulu. Mkuluyo anaimba foni yoyamba ya mkamwini, inali yotseka. Yachiwiri chimodzimodzi. Anaimbira mwana wawo, amene anayankha ndi mawu otupa kuti mwamuna wake ananyamuka m'bandakucha, akuti wakatenga katundu kutali, ndipo sananene tsiku lobwerera. Kuseri kwa ofesiyo kunali chitseko chachitsulo chimene kale ankatulutsira simenti. A Dikishonale anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anamanga batani la jekete n'kutulukira kutsogolo.

Makolo analipo ngati makumi atatu, ena ndi yunifomu za kuntchito, ena ndi mabasiketi a kumsika. Sankakuwa. Amene anawalankhulira anali wowotcherera zitsulo, bambo wa mapewa aakulu, ovololo yake ili ndi timabowo ta moto. Anali ndi mapepala anayi m'manja.

"Aphunzitsi, mwina simundikumbukira. Munandiphunzitsa zaka zitatu, ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi windo. Chingerezi sichinalowe kwenikweni, koma ulemu unalowa. Dzulo ndinatseka shopu, ndinapita ku ofesi ya mayeso. Akuti sukulu ino sinavomerezedwe kulembetsa mayeso, chifukwa mulibe chipinda cha sayansi ndipo holo ili ndi khomo limodzi. Akuti anakulemberani katatu kuti mutumize ana kusukulu ina nthawi ilipo. Makope ake ndi awa. Onse alembedwa dzina lanu."

A Dikishonale analandira makalatawo. Anali asanawaonepo, koma dzina linalidi lawo, lolembedwa molondola.

"Iyi yachinayi," anapitiriza wowotcherera uja, "ndi imene munatilembera inu, yakuti tisadere nkhawa. Dzanja ili ndimalidziwa. Linkasaina malipoti anga."

"Zoyendetsa sukulu amapanga ndi mkamwini wanga," anatero a Dikishonale, mawu akutuluka owonda. "Ine ndimangosaina."

Mawuwo atangotuluka anawamva okha kununkha kwake. Zaka zonse zija, mwana akabwera ndi yankho lakuti ndinangokopera kwa mnzanga, iwo ankamuuza kuti dzina lili pamwamba pa pepala ndi lako. Mayi wina wa basiketi anaseka kaseko kosakoma, n'kutembenukira kumbali.

"Mkamwini wanuyo ine sindimudziwa," anatero wowotcherera. "Ndikakumana naye mumsewu ndimudutsa. Mwana wanga wamkazi anali pasukulu ina, yakutali koma yolongosoka. Ndinamuchotsa nditaona nkhope yanu pachipatapo. Ndinauza amayi ake kuti apa ndiye tatola nkhwangwa ndi mpini womwe." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Sitinabwere kudzakunyozani, aphunzitsi. Ine mwana wanga sindinamuuze, zandikanika. Anzangawa chimodzimodzi. Ali m'kalasimo akuwerenga. Tabwera kuti mukawauze nokha kuti chaka chino salemba."

Kuchokera pakhonde la ofesi kufika ku kalasi lomaliza panali mapazi osakwana makumi awiri, koma a Dikishonale anaona ngati phiri. Makolo anapatuka kuwapatsa njira. Madamu a masamu anawatsegulira chitseko, iwo n'kutsalira panja.

Ana makumi anayi ndi atatu anaimirira pamodzi n'kupereka moni monga anawaphunzitsira. Pabolodi panali masamu a mayeso a chaka chatha, ndipo pakona wina anali atalemba chiwerengero cha masiku otsala. A Dikishonale anawauza kuti akhale pansi. Munthu amene moyo wake wonse sanasowepo liwu anaima patsogolopo pakamwa pali gwa, akufunafuna lina lofewa, ndipo silinapezeke m'chilankhulo chilichonse. Pamapeto pake ananena zoona zake mwachidule: kuti maina awo sanatumizidwe, kuti nthawi inatha, kuti adikira chaka chamawa, ndiponso kuti iwo anachenjezedwa nthawi ikadalipo koma sanapite kukafunsa.

Palibe anakuwa. Mtsikana wina wa kutsogolo, wa mapewa ngati a wowotcherera uja, anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anatseka kope lake, naika cholembera m'kati, n'kulowetsa m'chikwama. Wa pambali pake anachita chimodzimodzi. Posakhalitsa m'kalasi monse munkangomveka mazipi a zikwama. Anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akudutsa pafupi ndi mkuluyo osawakhudza, ndipo panalibe anatsanzika.

Mkamwini anabwerera patapita milungu itatu, ali ndi nkhani yaitali ya munthu wake uja amene akuti anamugwiritsa fuwa lamoto. Lero akugulitsa simenti monga kale, ndipo anthu amagula, chifukwa palibe amene anamupatsira mwana m'manja. Sukulu inatsekedwa. Ena mwa ana aja analemba chaka chotsatira m'masukulu ena, ena sanabwererenso m'kalasi. Makolo akamafotokoza nkhaniyi satchula wogulitsa simenti, amati ndi sukulu ya a Dikishonale ija. Mkuluyo akamapita kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi amadzera njira yakuseri, yaitali, ngakhale miyendo yawo siikufuna. Amawawidwa mtima, koma sadandaulira munthu, chifukwa amadziwa kuti ulemu wa mpando uja anaulandira wonse, ndipo amene walandira ulemu walandira ndi mlandu womwe, kaya chiwongolero anachigwirapo kapena ayi. Akuluakulu sananame pamene anati mutu ukakula sulewa nkhonya.